Chaka Chimene Ndinasiya Monika Kutsidya

Anthu a kumtunda akamakamba za njala ya 2002 amayambira pa chimanga. Ife a pa Likoma tikanayambira pa chinangwa, koma manyazi amatigwira, chifukwa chaka chimenecho ambiri tinali titachizula tokha ndi manja athu. Ine ndine Esita wa ku Mbungo. Papita zaka zingapo tsopano, ndipo zambiri ndaiwala, ngakhale mitengo ya zinthu imene tinkailira tsiku ndi tsiku. Chimene sichichoka m'maso mwanga ndi mapazi a mwana wanga Monika, amene nthawi imeneyo anali asanakwanitse zaka zitatu.

Novembala

Amayi anga, a Agata, anali atamwalira chaka cham'mbuyo. Anandisiyira munda wa kumtunda kwa mudzi, pakati pa miyala ndi milambe iwiri. Munda wonsewo unali chinangwa chowawa cha mtengo wofiirira, chimene iwo anachisunga kuyambira ali mtsikana. Chinalibe dzina, tinkangoti cha amayi. Sichinali chinangwa chozula n'kuponya pamoto ayi. Chinkafuna kusenda, kuviika m'mitsuko kunyanja mpaka chifewe ndi kutaya ululu wake, kuyanika pathanthwe, kenaka kusinja. Koma chinkakhala m'nthaka zaka ziwiri osaola, ndipo mbala zinkachilambalala.

Amuna anga, a Yohana, anali atangobwera kuchokera ku Bulawayo, kumene ntchito yawo ya m'fakitale ya zovala inatha. Anabwera ndi sutikesi, wailesi, ndi mimba yokana kondowole. Nsima ya chinangwayo ankati imawamata pakhosi ngati ulimbo. Ndinkawaseka kuti munthu wokulira pa Mbungo lero akufunsa sadza, nsima ya chimanga ya kumeneko, koma iwo sankaseka nawo kwenikweni. Anali munthu wofuna kuti ana ake adye zimene anaona ana a anthu ena akudya.

Mwezi umenewo kunabwera timatumba taulere ta mbewu ya chimanga ndi feteleza. A Yohana anaika kathumba kawo pamphasa n'kunena kuti, "Amake Petro, chaka chino tidye ngati anthu. Munda uja tiutsegule."

"Mchenga uja ndi wa chimanga?" ndinafunsa.

"Nanga feteleza ntchito yake n'chiyani?"

Ndinakana tsiku loyamba, lachiwiri ndinalola. Kunena zoona nanenso ndinali nditatopa ndi kusenza mitsuko, ndipo sitinali tokha. Ku Khuyu anthu ankazula, ku Yofu ankazula. Tinasiya kangodya kamodzi kokha pafupi ndi mlambe. Chinangwa chimene tinakumba tinayanika makaka, ena tinagulitsa kwa amalonda a pasitima pa mtengo umene tinauona wabwino.

Mitengo yake, imene ndiyo mbewu, tinaiunjika m'mphepete mwa munda. Pa Likoma nkhuni timachita kugula kwa anthu a kutsidya, a ku Mozambiki, ndiye mtengo wouma sugona pansi. Pasanathe milungu ingapo milu ija inatha. Mudzi wonse unaphikira mbewu yake, ndipo palibe amene anaona cholakwika.

Disembala

Mvula inabwera ndi mpoto, yamphamvu, yosapuma. Chimanga chinamera bwino, ndipo a Yohana ankapita kukachiona m'mawa uliwonse manja ali kumbuyo ngati mwini esiteti. Kenaka mvula inapitirira muyeso. Madzi ankatsika m'miyala n'kukokolola mchenga ndi feteleza yemwe, kupita nazo kunyanja. Pofika Khirisimasi chimanga chinali chachikasu.

Sitima yobwera sabata ndi sabata inayamba kutsitsa matumba ochepa. Kale tinkamva kulira kwake n'kupitiriza ntchito. Tsopano ikalira mudzi wonse unkathamangira ku Mbamba kukawerenga ndi maso zimene zikutsika. Mtengo unkakwera ndi sitima iliyonse. Beseni la usipa limene mu Novembala linkasinthana ndi ndowa ya chimanga, pa Khirisimasi linkabweretsa theka, ndipo wogulitsa ankakuyang'ana ngati wakuchitira chifundo.

Mango anatisunga mwezi umenewo. Akupsa atatha tinayamba kuphika aawisi. Petro, mwana wathu woyamba, ankapita kusukulu atamwa madzi a malambe basi. Makaka aja anatha chaka chisanathe, ndipo apa m'pamene ndinayamba kuwerengera m'mutu matumba amene tinagulitsa.

Januwale

Mvula inaduka. Dzuwa linaomba ngati mu Okotobala, chimanga chinapota masamba n'kuyamba kutulutsa ngayaye chili m'mawondo. A Yohana anasiya kupita kumunda. Analowa ganyu yopalasa ndi kukoka khoka la eni ake, ndipo gawo lawo la nsomba tinkasinthanitsa ndi madeya.

Anthu a kumtunda samvetsa tikamati pachilumba panali njala. Amati, si muli ndi nsomba inu? Nsomba inalipo masiku ena, masiku ena mphepo inkabweza amuna chimanjamanja. Ndipo amene ankagula usipa wathu ku Nkhata Bay nawonso ndalama zawo zonse zinkathera ku chimanga. Tinali ndi ndiwo zopanda nsima ndi malonda opanda wogula.

Kudepoti ya chimanga tinkaima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo akatsegula ankapatsa munthu aliyense kamuyeso kosakwana masiku awiri. Masiku ambiri sankatsegula n'komwe. Pamzerepo ndi pamene mphekesera zinkabadwira. Ena ankati chimanga cha dziko lonse chinagulitsidwa kunja. Ena ankati kukubwera sitima yodzaza mpaka pakamwa. Ena ankati chimanga chachithandizo chikadzafika tisadzadye, chimatseka mimba za akazi. Mayi wina wa ku Khuyu anayankha kuti, "Chibwere chitseke, ana amene ndili nawowa andikwana." Tinaseka, ndipo ndikukumbukira kuti kusekako kunandipweteka m'nthiti.

Amene anali ndi timinda totsala anayamba kukumba chinangwa chanthete, chonga zala. Nafenso tinakumba kangodya kathu kaja. Tinakapeza katagwidwa ndi kodikodi, tizilombo toyera tija topinimbiritsa nsonga, moti mitengo yake sinali yoti n'kubzalanso. Mnansi wanga mai Edita sanathe kudikira kuti chinangwa chake chifewe m'madzi. Anachivuula msanga, n'kusinja, n'kuphika. Banja lonse linaledzera nacho, kusanza ndi chizungulire, ndipo tinawanyamula pamachira kupita nawo kuchipatala. Ana anachira. Apongozi ake aamuna, amene anali ofooka kale, sanabwerere.

Mwezi womwewo Monika anatsegula m'mimba. Atachira sanabwererenso mwakale. Anasiya kuthamangitsa nkhuku, ankangokhala pakhonde kuyang'ana pansi. Phala la madeya ankalilavula, nsomba ankaikana. Tsitsi linayamba kufiira. Tsiku lina ndikumusambitsa ndinadina phazi lake ndi chala, ndipo pamene ndinadinapo panatsala dzenje. Nditapita naye kuchipatala, anamwino anandiuza mwaulemu kuti mwanayu akufunika phala la ufa weniweni lothira nsinjiro, kangapo patsiku. Ndinawathokoza n'kutuluka. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo, ngakhale tsiku limene amayi ankatsirizika.

Febuluwale

Kutsidya ndinali ndi munthu mmodzi, Luwiza. Nthawi ya nkhondo ya kwawo anathawira pa Likoma ndi ana awiri, mwamuna wake atasowa. Amayi anamupatsa kanyumba kathu kophikira ndi mizere ingapo m'munda. Tinakhala naye zaka zambiri, kusenda chinangwa pathanthwe limodzi, kukangana za mitsuko, kugwirizananso. Mtendere utabwera anabwerera kwawo mu 1994. Kuyambira pamenepo tinkangotumizirana moni kudzera mwa ogulitsa nkhuni.

Ndinauza a Yohana kuti ndikupita kukapempha chimanga. Iwo anandipatsa usipa wonse umene unali m'nyumba. Ndinabereka Monika n'kukwera bwato la thanga la anthu a nkhuni limene linkabwerera lopanda katundu. Titakocheza ndinayenda ulendo wokwera phiri, chifukwa mudzi wa Luwiza suli pagombe. Mwana kumsana anali wopepuka moti kawiri konse ndinaima kuti ndimve ngati akupuma.

Luwiza anandiona ndili patali. Sanafunse za ulendo. Anamasula nsalu, n'kumutenga Monika, n'kuyang'ana mapazi ake.

"Mana Esita," anatero, monga mmene ankanditchulira kale, kutanthauza mchemwali, "mwachedwa bwanji kubwera?"

Anaphika phala la mapira lothira nsinjiro n'kuyamba kumupatsa pang'onopang'ono ndi chala. Mwana anameza. Ine ndinatembenukira kukhoma.

Nditanena za chimanga ananditengera kunkhokwe kuti ndidzionere ndekha. Munali zitsononkho ndi fumbi. Amalonda ochokera kumtunda kwathu anali atadutsa kale m'midzi yonse ndi ndalama m'manja, ndipo anthu anagulitsa mopitirira. "Makaka ndikupatsani dengu limodzi," anatero. "Kuposa apo ndinama. Koma tiyeni kumunda."

Munda wake unali pamtsetse, wobiriwira bii. Ndinazindikira mitengo yofiirira ija ndisanafike n'komwe. Mayi wina ankadutsa ndi khasu, ndipo anafuula kuti, "Luwiza, Agata wako wakana dzuwa chaka chino."

Ndinaima. Dzina la amayi ndinali ndisanalimve pakamwa pa munthu chiwaikireni m'manda.

"Akunena ndani?" ndinafunsa.

"Chinangwachi. Amama anandimangira mitolo itatu tsiku lija ndinkakwera bwato, mwaiwala? Ndinabzala, ndinagawira anzanga, iwonso anagawira ena. Akandifunsa kuti n'chiyani ndinkati n'cha a Agata. Pano phiri lonseli likudya Agata."

Ndinagwira tsamba limodzi, ndipo ndinalira monga sindinalirire pamaliro. Luwiza anandisiya mpaka nditamaliza. Kenaka anatenga chikwanje n'kuyamba kudula mitengo yokhwima, kusankha yopanda matenda, kuiunjika pambali.

Chisoni chija chinasanduka mkwiyo. Ndine munthu wapafupi kupsa mtima, ndipo njala inali itandifupikitsanso. "Luwiza, ndabwera kudzapempha chakudya, iwe ukundidulira nkhuni? Mwana uja adya mitengo?"

"Mitengoyi ndi ya chaka chamawa," anayankha osaleka kudula. "Za mwana tikambirana kunyumba."

Ndinatulutsa usipa kuti ndilipire. Anaukankha. "Usipa ndilandira ngati ndiwo. Mbewu ya chinangwa sagula, mukudziwa inunso. Amama sanandigulitse. Chimodzi chokha: musakabzale pamalo amodzi. Mukagawe, wina kuno wina uko. Mbuzi zikadya kwa uyu, kwa uyo kutsale."

Kunyumba Monika anali atagona, mimba ili ndi kanthu kwa nthawi yoyamba m'milungu yambiri. Luwiza anakhala pansi n'kunena zimene ndinali nditayamba kale kuziopa.

"Dengu limenelo kwanu muli anthu anayi, litha msanga. Likatha mwanayu abwerera pomwe anali, ndipo kachiwiri sadzadzuka. Musiyeni kuno. Mapira alipo, mtedza ulipo pang'ono, mbuzi ikukamidwa. Anga munawasunga zaka zonse zija."

"Ana ako unali nawo pafupi," ndinatero. "Sunawasiye."

"Ee, ndinali ndi mwayi. Inu mulibe."

M'mawa mwake ndinatsika phiri ndi dengu pamutu, ana a Luwiza atasenza mitolo. Nsalu yoberekera ndinaisiya kuti Monika azimva fungo langa. Ndinachoka ali m'tulo, chifukwa akanadzuka sindikanatha. Ndili m'bwato ndinalumbira mumtima kuti ndidzamutenga tsiku limene ndidzakhale ndi ufa wochokera m'munda wanga, osati wapasitima, osati wopempha.

Malichi

A Yohana anandichingamira pagombe. Anayang'ana mitolo, anayang'ana kumsana kwanga, n'kuyang'ananso mitolo.

"Mwana ali kuti?"

Ndinafotokoza. Iwo anati, "Ndiye mwasinthanitsa mwana wanga ndi mitengo." Anasenza mitolo iwiri n'kutsogola. Kwa masiku angapo sanandilankhule, koma chakudya chawo ankachikankhira kwa Petro akaganiza kuti sindikuona.

Nyengo yobzala inali itapita kale, ndipo anthu sanachedwe kundiuza. Ena ankabwera kudzafunsa ngati ndingawagaireko nkhuni. Ndinachita monga ananenera Luwiza. Mtolo wina ndinapatsa mai Edita, wina ndinapita nawo ku Khuyu kwa msuweni wanga, wina ku Yofu kwa mayi wina amene timapemphera naye. Kugawako kunandiwawa, sindibisa. Mtengo uliwonse umene unkatuluka pakhomo ndinkauona ngati tsiku lina loonjezera pa masiku a Monika kutsidya. Mai Edita anayang'ana mtolo wake nthawi yaitali asanaulandire, chifukwa chinangwa chowawa chinali chitamuphera munthu m'nyumba. Pomaliza anati, "Cholakwa sichinali chinangwa," n'kuutenga.

Yotsalayo tinadula tizidutswa n'kubzala pakati pa chimanga chakufa chija. Mvula inagwa kawiri kokha mwezi umenewo. Masiku ena onse ndinkatunga madzi kunyanja n'kukwera nawo kumunda, kuthira kachikho pa phando lililonse. Tsiku lina ndinapeza a Yohana ali kumundako, akuzika zikhomo n'kumangirira makoka akale ong'ambika amene anatola kwa eni mabwato, kuti mbuzi zisalowe. Tinagwira ntchito mpaka mpanda unazungulira.

Mwezi umenewu ndiwo unali woipitsitsa. Belu la tchalitchi linkalira kawirikawiri, makamaka chifukwa cha okalamba ndi makanda. Pamaliro panalibe chophika, anthu ankangoika n'kubalalika. Maliro a mwana aliyense ndinkapita, ndipo pobwerera ndinkaima pamwala kuyang'ana mapiri a kutsidya.

Meyi

Chimanga chathu chonse chinakwana m'beseni limodzi. A Yohana anachitonola okha, n'kuchiyang'ana, n'kunena kuti, "Sadza ya ku Bulawayo ndi imeneyi." Aka kanali koyamba kuseka limodzi chibwerereni kuchokera kutsidya.

Koma chinangwa chinaphuka. Sichinagwire chonse, mwina magawo awiri mwa atatu, koma chimene chinagwira chinakwera ndi mphamvu. Tinayamba kuthyola masamba apansi n'kusinja chigwada, mosamala kuti tisafooketse mitengo. Kumtunda anthu anali atakolola, mtengo wa chimanga unatsikako, ndipo usipa unayambanso kupeza wogula. Tinkadya kamodzi patsiku.

Ndinaoloka kukaona mwana. Ndinamupeza akuyenda pabwalo, mapazi ataphwa, tsitsi lakuda likumera pansi pa lofiira lija. Atandiona anathamanga n'kundikakamira m'khosi tsiku lonse. Pochoka analira mpaka mawu anatha. Patapita masiku wogulitsa nkhuni anabwera ndi uthenga wa Luwiza: mwana wakana kudya kuyambira tsiku lija, wayambanso dzulo. Musabwerenso kufikira tsiku lodzamutenga.

Ndinamutukwana Luwiza mumtima. Koma ndinadziwa kuti akunena zoona, ndipo ndinamvera.

Julayi

Mwera unayamba kuomba, nyanja inakwiya, mabwato aang'ono anakokeredwa pamchenga. Chithandizo chimene tinkachimva m'mphekesera chija chinafika tsopano: chimanga, nyemba pang'ono, ndi ufa wa phala la ana. Palibe amene anakumbukira zoti chimatseka mimba.

Tsiku limene tinalandira thumba lathu a Yohana analitsitsa pakhonde n'kunena kuti, "Chakudya ndi ichi. Mphepo ikangodekha ndikukatenga mwana."

"Ayi," ndinatero.

"Amake Petro, mwana ali ndi bambo ndi mayi amoyo. Anthu akutinena."

"Anene. Thumba ili latsika pasitima. Mwezi wamawa likapanda kutsika, mudzamubwezanso kutsidya kachiwiri? Mudzamuchotsa pakhosi panu ndinu?"

"Ndiye mpaka liti?"

"Mpaka tikumbe."

Anandiuza kuti ndili ndi mtima wa mwala ngati amayi anga. Ndinawayankha mawu ena okhudza chimanga chawo amene sindingawalembe pano. Koma mwezi wotsatira mwera unachedwetsa sitima, ndipo itabwera inalibe matumba athu. Tinabwerera ku chigwada ndi usipa kwa milungu ingapo. A Yohana sanayambitsenso nkhani ija, ndipo ine sindinawakumbutse, chifukwa kupambana mkangano umenewo kunalibe kukoma kulikonse.

Okotobala

Chilumba chinauma mpaka miyala inkatentha mapazi. Chobiriwira chinali chinangwa chokha, ndipo mbuzi zonse za pa Mbungo zinadziwa zimenezo. Za mai Edita zinathyola mpanda wake womwe n'kudya munda wonse mpaka makungwa. Anabwera akulira. Ndinamuuza kuti ku Yofu ndi ku Khuyu chilipo, mvula ikagwa akadula kumeneko. Ndi tsiku limenelo pamene ndinasiya kudandaula za mitolo imene ndinagawa.

Amayi anayi tinayamba kukumana pambuyo pa mapemphero kufunsana za minda. Sitinali bungwe, tinalibe dzina kapena wapampando. Tinangogwirizana kuti aliyense akadzakumba, mitengo isadzapite pamoto, ndipo wopempha mbewu asadzabwezedwe, koma nayenso adzapatse wina wa mudzi wina.

Nthaka inayamba kung'ambika m'tsinde mwa mitengo, kusonyeza kuti pansi pali kanthu. Kangapo ndinapita ndi khasu n'kubwerera nalo. Ndinkafukula pang'ono ndi chala, kukhudza, n'kukwiriranso. Chinali chisanakhwime, ndipo kukumba msanga kukanatipatsa chakudya cha mwezi umodzi m'malo mwa chaka.

Januwale

Tinakumba chaka chatsopano chitalowa, mvula itafewetsa nthaka. Sichinali chachikulu ngati cha m'masiku a amayi, chinali chisanakwanitse chaka, koma phando lililonse linatulutsa. Tinakumba mizere yochepa yokha, yotsalayo tinaisiya m'nthaka kuti izikula. Mitengo tinaiimika pamthunzi wa mlambe, ndipo tsiku lomwelo anthu anayamba kubwera. Anachokera ku Khuyu, ku Yofu, ena mpaka ku Chipyela. Ena mwa iwo ndi aja ankafunsa nkhuni. Wina anafunsa dzina la mbewuyo, ndipo a Yohana ndi amene anayankha kuti ndi Agata.

Ndinaviika masiku ake onse osachotsapo ngakhale limodzi. Kuyanika kunavuta chifukwa cha mitambo, ndinkathamanga kuanula ndi kuyanikanso. Ufa utatuluka ndinaphika kondowole, ndipo a Yohana anadya osatchula za ulimbo. Ndinadzaza kadengu ka ufa kopita nako kwa Luwiza. Sikuti iye ankausowa, koma ndinkafuna aone.

Tinaoloka tonse awiri. Pokwera phiri a Yohana ankanditsogolera mtunda wautali, atanyamula tinsapato tapulasitiki timene anagula ku Mbamba mongoyerekeza kukula kwa phazi.

Monika anali pabwalo akusewera ndi ana anzake, wonenepa, wamtali kuposa mmene ndinkamuonera m'maganizo. Ankalankhula mosadodoma, mawu ake akukwera ndi kutsika monga amalankhulira anthu a kumeneko. Ndinamuitana. Anatiyang'ana, n'kuthamangira kwa Luwiza, n'kubisala kuseri kwa chitenje chake.

"Amama, kwabwera alendo," anatero.

Luwiza anagwada n'kumuuza kuti, "Si alendo awa. Awa ndi amama ako enieni, awa ndi adada ako. Ndinkakuuza tsiku lililonse, waiwala?" Mwana anagwedeza mutu kuvomera, koma chitenje sanachisiye. A Yohana anakhala pansi pafumbi n'kutulutsa tinsapato tija. Tinali tating'ono, sitinalowe. Anatibweza m'thumba mwakachetechete.

Ndinali nditakonzekera zambiri chaka chimenecho, ngakhale uthenga wa maliro. Izi zokha sindinazikonzekere. Ndinapereka ufa kwa Luwiza, iye anaufikisa ndi zala n'kununkhiza. Nayenso anali kutaya mwana tsiku limenelo, ndipo ndinaona kuti akudziwa.

Tinagona masiku awiri kuti mwana atizolowere. Tsiku lachitatu Luwiza anatiperekeza mpaka pagombe, atamubereka yekha ndi nsalu yanga ija, imene inali itasuluka. Anamutsitsira m'bwato, n'kumupatsa chinangwa chootcha cha mtundu wozuna kuti azidya, n'kubwerera osacheuka.

Kuyambira chaka chimenecho mitolo imaoloka nyanja mbali zonse ziwiri. Kodikodi atagwira minda ya kuphiri kwa Luwiza zaka zitatu zapitazo, mbewu inachokera ku Yofu. Chimanga timabzalabe pang'ono kuseri kwa nyumba, chootcha, ndipo a Yohana ndi amene amakalipira aliyense wotola mtengo wa chinangwa kuti akasonkhere moto. Monika ali pasukulu tsopano, ndipo tchuthi chilichonse amapempha kupita kutsidya. Sindimukaniza.

Koma tsiku lija m'bwato sanalire. Anakhala pamiyendo panga mwaulemu, monga amakhalira mwana pamiyendo ya mlendo, akuyang'ana phiri likuchepa. Titayandikira Mbungo, milambe ya kumunda kwa amayi itayamba kuoneka, anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Tibwerera liti kwathu?"

A Yohana anayang'ana m'madzi. Ine ndinamugwira phazi, n'kulidina ndi chala monga ndinachitira chaka chapitacho. Panalibe dzenje.

"Mvula ikatha," ndinamuyankha. "Tidzapita tonse kukawaona amama."